Nkhanu Yodontha Petulo

Sulemani anabadwira ku Namwera, kumapiri, ndipo chimene chinamutsitsira kunyanja ndi chikondi basi. Anakwatira Yasmin, mwana wa Abiti Wadi wa m'mudzi wina kufupi ndi Nkhudzi, n'kukhala pachikamwini. Kutentha anakuzolowera, udzudzu anauzolowera, ngakhale kutafuna usipa ndi mitu yomwe anaphunzira. Chimene chinamukana ndi boti. Tsiku limene anakwerapo koyamba, boti lisanapitirire n'komwe pamene pamathera bango, iye anali atagwada kale akubweza tiyi ndi chinangwa cham'mawa. Panapita zaka ziwiri, koma asodzi akafuna kuseka ankayambirabe pa nkhani imeneyo.

Pamtunda ndiye anali munthu. Anagwirapo ntchito yokonza mainjini pa hotela ina cha ku Makokola, ndipo pamene hotelayo inkachepetsa antchito, anamulola kutenga njinga yamoto ya matayala anayi imene inali itatayidwa kuseri kwa nyumba ya jenereta, nkhuku zikuikiramo mazira. Kuhotelako ankaitcha kwadi. Sulemani anaidzutsa pang'onopang'ono, waya lero, bawuti mawa, mpaka tsiku lina inatsokomola n'kulira. Anthu a m'mudzi ataiona ikukwawa pamchenga, yotambalala, yofiira mofwifwa, anaitcha Nkhanu, ndipo dzinalo linamata.

Nkhanuyo inali ndi ntchito yoidikirira. Kuchoka padooko kukafika kumsewu wa tala pali mchenga wautali ndithu, mchenga woti njinga yakapalasa imangozama, galimoto nayo imakana. Amayi ogulitsa usipa ankasenza mabeseni pamutu mtunda wonsewo, ndipo pofika kumsewu ankapeza minibasi yoyamba ya ku Mangochi itapita, nsomba zitayamba kufewa. Sulemani anawotcherera kangolo kokoka kumbuyo, n'kukaonana ndi mayi Keti, mtsogoleri wa amayiwo. Mayi Keti anavomera kumuyesa Loweruka, koma anaika lamulo limodzi.

"Fungo la petulo ndisalimve," anatero. "Usipa ukanunkha petulo ngakhale mphaka amaukana. Ndikangomva kafungo, ife tibwerera ku mitu yathu."

Nkhaniyi inafika kwa Che Bakali, mlongo wake wa Abiti Wadi, mwini mbumba, mwini maboti awiri, munthu wokhulupirira kuti mwamuna amene sananyowe sanagwire ntchito. Lolemba madzulo anabwera pakhomo, anasankha mpando wabwino, n'kulankhula mokweza kuti ndi a kuseri kwa mpanda omwe amve.

"Che Sulemani, ine sindidana ndi zitsulo zanuzi. Koma mwana wathu sadya mabawuti. Loweruka amayi aja akakukanani, Lamulungu mukwera boti langa. Pakusowa munthu mmodzi wokoka khoka."

"Ndamva, amalume," anayankha Sulemani.

Akanatinso chiyani? Mkamwini sakula mwendo.

Kuseri kwa mpandako kunali Abiti Wadi eni ake. Iwo ndi mkamwini wawo ankakhala bwalo limodzi, kumwa madzi a mjigo umodzi, koma anali asanayang'anizanepo kumaso. A m'tauni zothawana ndi apongozi anazisiya kalekale, koma Abiti Wadi mwambo ankaugwira ndi manja awiri. Akakumana panjira, iwo ankapatukira m'munda wa chinangwa, Sulemani n'kutembenukira kwina ngati munthu woti waiwala kanthu. Ngakhale pa tsiku la ukwati anali atafunda mpaka pamphuno. Uthenga uliwonse unkadzera kwa Yasmin, amene nthawi zina ankauthira mchere wakewake panjira. Sulemani apongozi ake ankawadziwa ndi chifuwa chawo cham'mawa komanso zidendene zawo zikamalowa m'nyumba. Sankadziwa ngati amamukonda kapena amangomupirira, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Lachiwiri, atabwera kumzikiti ku swala ya m'mawa, anakatenga chigubu cha petulo m'kachisakasa ka kuseri kwa nyumba ya apongozi, kumene ankachisunga chifukwa kunali mthunzi komanso kutali ndi moto. Anathira muthanki, natsegula kampopi ka petulo. Asanakoke n'komwe chingwe cholizira injini, fungo linamufika m'mphuno. Anawerama. Pansi pa Nkhanu mchenga unali utada. Dontho, dontho, kenako kamtsinje.

Mwezi wathunthu Nkhanu inali isanadonthepo ngakhale kamodzi. Inasankha sabata yomweyi.

Sulemani sanagwire mutu. Anatseka kampopi, napukuta kabuleta, kachitsulo kaja kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya injini isanameze. Kenako anapempha ufa wodzaza dzanja n'kuwaza paliponse, mpaka kabuleta inayera mbuu.

"Ufa wanga wasanduka mankhwala a njinga?" anafunsa Yasmin, amene anali ataima chapafupi, mwana wawo Nuru ali kumsana.

"Pamene payambe kunyowa ndi pamene pakubisala wakuba, mayi a Nuru."

Anatsegulanso kampopi n'kugona chammbali pamchenga. Paipi yochokera kuthanki inali youma. Kabawuti kotsitsira petulo kanali kolimba. M'mphepete mwa kambale ka pansi pa kabuleta, pamene pali gasiketi yotseka mpata, ufa unakhalabe woyera. Petulo ankatulukira pa kapaipi kakang'ono kolendewera pansi, kamene ntchito yake ndi kutaya petulo akasefukira.

"Mukukumbukira thanki ya chimbudzi cha kuhotela ndinakuonetsani ija?" anatero Sulemani. "Umu ndi chimodzimodzi. Petulo akadzaza m'kambale, fuloti imayandama n'kukankha kasingano, kasingano n'kutseka khomo. Kakapanda kutseka, petulo amangolowa mpaka kusefukira."

"Ndiye kakukaniranji kutseka?"

"Funso ndi lomwelo."

Anagogoda kambale ndi chigwiriro cha sikuludilaiva, go, go, go, kudontha n'kusiya pomwepo. Tsiku lonse Nkhanu inayenda youma. Sulemani anauza mayi Keti kuti kanali kanthu kakang'ono ndipo katha, nabwerera kunyumba akuimba likhweru.

Lachitatu m'mawa anawonjezera petulo muthanki, mchenga n'kudanso. Ulendo uno kugogoda sikunathandize. Anagogoda mpaka nkhuku zinabwera kudzaona ngati akusinja. Anamasula kabuleta yonse naiyala pa thumba loyera. Fuloti anaigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati mwalowa petulo, koma munali zii. Anaimiza m'madzi otentha amene Yasmin anateleka kuti apange tiyi, akuyang'ana ngati ingatulutse thovu. Sinatulutse, ndipo tiyi wa tsiku limenelo anachedwa. Kasingano anakayang'ana padzuwa. Kunsonga kwake kwa labala kunali kamzere kozungulira, chizindikiro cha ukalamba.

"Ndakugwira," anatero.

Anakwera minibasi kupita ku Mangochi, kasingano atakakulunga m'pepala ngati dzino la mwana. Anayenda m'mashopu asanu a zida za njinga za kabaza. Anayi anangopukusa mitu, wina mpaka anamufunsa ngati njingayo inaonako nthawi ya atsamunda. M'shopu yachisanu, bambo wina wachikulire anakhuthulira pakauntala chitini cha tizitsulo takale, nafufuza ndi chala mpaka anapeza kofanana. Sulemani anagulanso gasiketi kuti asasiye mpata.

Lachinayi anamanga zonse mosamala. Anatembenuza kabuleta chadodolido n'kuuzira mpweya ndi pakamwa pa khomo lolowera petulo, mpweya sunadutse. Ataiimika bwino, unadutsa. Ndiye kuti kasingano katsopano kankatseka ndi kutsegula monga kayenera. Muthanki munali mukadali petulo wa dzulo lake, choncho chigubu sanachikhudze. Anadzaza kangolo ndi matumba a mchenga nathamanga kumsewu ndi kubwerera kanayi. Pansi pa Nkhanu panali pouma ngati pachidendene cha mlimi. Anauzanso mayi Keti kuti tsopano zatheratu, ndipo madzulo Yasmin anaphika mpunga wa nazi.

Lachisanu m'mawa anathira petulo kuchoka m'chigubu. Anatsegula kampopi. Anawerenga mpaka khumi, ndipo pa khumi ndi chimodzi kapaipi kaja kanayambanso kulira misozi.

Nthawi yomweyo Che Bakali anatulukira, atanyamula chijasi chachikasu cha pulasitiki.

"Ndakubweretserani ichi, Che Sulemani. Mwezi uno kuli mwera, panyanja pamazizira." Anayang'ana mchenga wonyowa, nakoka mpweya m'mphuno kawiri. "Kapena ndibweretsenso kandowa kosanzira?"

Anapachika chijasicho pa chiwongolero cha Nkhanu n'kulunjika kudooko. Kudookoko kunali mayi Keti, ndipo aliyense ankadziwa kuti pakamwa pa Che Bakali palibe chivindikiro.

Apa Sulemani anachita mantha enieni. Anakhala pansi, msana atatsamira tayala, akuona m'maganizo mwake mafunde akuda ndi asodzi asanu ndi atatu akumuseka. Anafuna kumasula chilichonse nthawi imodzi, koma anadziletsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fuloti inali yabwino. Kasingano kanali katsopano. Gasiketi inali yatsopano. Nanga chatsala n'chiyani? Anayamba kuwerenga masiku ndi zala. Lachiwiri anathira petulo, inadontha. Lachitatu anathira, inadontha. Lachinayi sanathire.

Anadzuka, natenga tambula yagalasi m'nyumba, namasula kabawuti kotsitsira, petulo wa m'kambale n'kugwera mutambulamo. Anaikweza padzuwa. M'petulomo munkayandama timaulusi tabuluu, tating'ono kuposa tsitsi la khanda. Atatsegula kambale n'kuzula kasingano, anapeza kaulusi kamodzi katapingasa pakhomo penipeni, ngati nsapato yotsekereza chitseko.

Petuloyo anakagula yekha pa malo omwetsera mafuta, m'chigubu chimene anachitsuka yekha. Pampu siitulutsa ulusi. Anapita kuseri kwa nyumba ya apongozi, atayamba watsokomola kawiri kuti adziwe kuti kukubwera munthu. Masiku onsewa ankangolowa ndi kutuluka maso ali pansi, koma lero anayang'ana bwinobwino. Pakona panali chigubu china chopanda kanthu, ndi botolo lodula pakati kuti likhale fanelo. Pa mpanda wa bango panali patayanikidwa chidutswa cha mpango waubweya wabuluu, chouma gwa, chikununkha petulo.

Yasmin atachiona chidutswacho anagwira pakamwa. Anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunathera m'maso onyowa.

"Ndi amayi," anatero motsitsa mawu. "Anayamba Lachiwiri. Inu mukangopita kumzikiti, iwo amadzuka n'kusefa petulo wanu, kuchoka m'chigubu ichi kupita m'chinacho, n'kubwezanso. Abambo anga malemu ankatero ndi petulo wa boti, ati mchenga ungaphe injini. Anandiletsa kukuuzani. Ine ndimati zikuthandiza."

"Nanga mpangowu?"

"Ndi uja abambo anawagulira ku Joni. Audula pakati. Ati nsalu zina zonse pakhomo pano n'zobooka kwambiri."

Sulemani anayang'ana chidutswacho nthawi yaitali. Mkwiyo umene anabwera nawo anaufunafuna mumtima, osaupeza.

"Ndiye mukawauze bwinobwino, mwaulemu, kuti ubweyawu..."

"Ine?" anamudula Yasmin. "Ndikawauze kuti mpango umene audula chifukwa cha inu ndi umene ukukukankhirani m'boti la amalume? Ayi, bambo a Nuru. Uthenga umenewo ndi wolemera, mutu wanga ndi waung'ono. Kawauzeni nokha."

Ananena choncho akudziwa bwino lomwe kuti n'zosatheka. Akazi a kunyanja ndi otero, amakuponyera khoka uli pamtunda.

Ku swala ya Ijumaa Sulemani anakhala mzere wachitatu, koma ulaliki wonse unamudutsa pamwamba pa mutu. Potuluka anali ataganiza. Apongozi sawauza kanthu, kaya mwa Yasmin kaya mwa wina aliyense. Anadzera kwa makaniko wa njinga za kabaza pamsika nagula kasefa ka pulasitiki, koonekera mkati, kokhala ndi pepala lachikasu lopindapinda. Kunyumba anakhuthula thanki yonse n'kuitsuka katatu. Apo ndi pamene anapeza kuti kasefa kake kakale ka muthanki kanaola zaka zapitazo, n'chifukwa chake chilichonse chinkangodutsa. Anadula paipi pakati, nalowetsapo kasefa katsopano, namanga mbali zonse ziwiri ndi waya. Anatsukanso kabuleta, kabowo kalikonse akukauzira mpweya. Tsopano mpango ukhoza kuthothoka mmene ungafunire, ubweya wake uzithera m'njira.

Anathira petulo yemwe uja wa m'chigubu, natsegula kampopi, nakhala pansi kudikira. Ola linatha. Mchenga unakhalabe woyera, ndipo m'kasefa munayamba kuoneka timizere tabuluu titagwidwa. Chifukwa cha chimwemwe anaiwala tambula ija pakhonde.

Loweruka maboti anakocheza dzuwa litangotuluka. Padooko panali phokoso la masiku onse, ogula akutsutsana ndi asodzi, akhwangwala akuzungulira. Amayi anali atadzaza kale mabeseni asanu ndi atatu pamene Nkhanu inafika ikukoka kangolo kake. Mayi Keti anaima patsogolo, manja ali m'chiuno. Che Bakali anakhala pamphuno pa boti lake ngati munthu amene wagula tikiti ya kutsogolo.

"Che Sulemani," anayamba mayi Keti, "tamva kuti chinthu chanuchi chakhala chikukodza petulo sabata yonse."

"Chinasiya, mayi."

"Lachiwiri munati chasiya. Lachinayi munati chasiya. Dzulo m'mawa Che Bakali achiona chikudontha ndi maso awo. Tiuzeni vuto linali chiyani, kuti tidziwe ngati latha. Mabeseni awa ndi chakudya cha mabanja asanu ndi atatu."

Anthu onse anamuyang'ana. Yankho linali palilime, lalifupi, loti mwana akhoza kulimva. Koma kumbuyo kwa gulu la amayiwo Sulemani anaona munthu atamufulatira, akuyang'ana kunyanja, ndipo zidendenezo anazizindikira. Akanena pano, pamaso pa mlongo wawo ndi mudzi wonse, Abiti Wadi akhala nthano ya padooko mpaka tsiku lowanyamula. Iye ankadziwa bwino mmene nthano za padooko zimakhalitsira.

"Kanali kachitsotso, mayi," anatero.

"Kachitsotso kochokera kuti?"

"Kachitsotso basi."

"Chitsotso chosadziwika kwawo chimabweranso mawa. Chinachokera kuti, Che Sulemani?"

Sulemani anayang'ana pansi. Mtima unkamuwawa, pakuti ankaona ntchito ya miyezi isanu ikutsetsereka m'manja mwake, koma pakamwa sanatsegule. Mayi Keti anadikira pang'ono, kenako anapukusa mutu nawerama kuti apinde nkhata.

"Amayi, tiyeni tisenze. Minibasi itisiya."

Che Bakali anatsokomola mokhutira.

"Keti, siya nkhatayo."

Mawuwo anachokera kwa munthu wofulatira uja. Abiti Wadi sanatembenuke. Anangokweza dzanja m'mwamba, m'dzanjamo muli tambula yagalasi, ndipo ankalankhula ngati akuuza nyanja.

"Kachitsotsoko ndi ine. Sabata yonse ndakhala ndikusefa petulo wa mkamwini wanga ndi mpango waubweya, monga ankachitira malemu ndi boti lawo. Dzulo ndapeza tambula iyi pakhonde. Maso anga akalamba, koma ulusi wanga ndimaudziwa. Ndamufinya Yasmin mpaka wandiuza zonse." Anapuma pang'ono. "Munthuyu wakhala chete kuti asandichititse manyazi. Walolera kukwera boti. Bakali, pa maboti ako awiriwo alipo mmodzi amene angatseke pakamwa chifukwa cha nkhalamba? Iwe wemwe sungathe, tinabadwa mimba imodzi, ndimakudziwa."

Padooko panaphulika phwete. Anthu ankawaseka Che Bakali, amene anayamba kuyang'ana chingwe cha nangula ngati chinthu chachilendo. Mayi wina anati amuna ake amasefa ndi sokisi. Msodzi wina anavomera kuti iye amagwiritsa ntchito chipewa, ndipo injini yake imazima pakati pa nyanja kawiri pa mwezi. Mwadzidzidzi aliyense anafuna kuona kasefa ka pulasitiki kaja.

Mayi Keti sanaseke nawo mpaka atamaliza ntchito yawo. Anagwada pamchenga, nalowetsa mutu pansi pa Nkhanu, nanunkhiza ngati akuyesa ndiwo zogona. Anagwira kunsonga kwa kapaipi ndi chala n'kuchinunkhiza. Anauza Sulemani kuti alize injini, aizimitse, ailizenso. Kenako anaika chala pa kasefa.

"Ndiye ubweya ukumathera umu?"

"Umo, mayi. Kakadzaza ndizisintha."

"Mukanangonena choncho."

"Mukanafunsa kuti ubweya wa ndani."

Mayi Keti anadzuka, nasasa mchenga m'maondo.

"Pakirani mabeseni," anatero. "Langa likhale pamwamba."

Nkhanu inanyamuka pang'onopang'ono, matayala ake onenepa akuponda mchenga umene unagonjetsa magalimoto. Podutsa pa boti la Che Bakali, Sulemani anachepetsa liwiro mwaulemu.

"Chijasi changa chija mundibwezere," anatero Che Bakali, osakweza maso.

Anafika kumsewu minibasi yoyamba isanatulukire, mwakuti amayi anapeza nthawi yomwa thobwa atakhala pansi, chinthu chimene sanachitepo. Anabwerera kawiri kukatenga otsala. Ulendo uliwonse ankawerama kuyang'ana pansi pa injini, ndipo ulendo uliwonse panali pouma. Mayi Keti pokwera minibasi anangoti, "Mawa nthawi yomweyi," ndipo kwa Sulemani mawu amenewo anakoma kuposa nyimbo.

Anafika kunyumba dzuwa litakwera, akufuna kuuza Yasmin zonse. Koma sanamupeze pakhonde. M'malo mwake, pansi pa mtengo wa mango, pamene ankaimika Nkhanu, panali patayalidwa mphasa, ndipo pamphasapo panakhala Abiti Wadi, pambali pawo pali nkhuku yomangidwa miyendo. Sanafunde kumaso. Sulemani anazimitsa injini, natsika mothamanga, natembenukira kumpanda.

"Musathawe, Che Sulemani. Khalani pansi."

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewo alunjike kwa iye popanda wowanyamula. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa, maso ali pa zala zake zakuda ndi oyilo.

"Nkhuku iyi ndi yanu. Kuyambira lero tizilankhulana. Zomadzera mwa anthuzi zandidulitsa mpango wabwinobwino. Ndikanakufunsani Lolemba lomwe lija, mukanandiuza."

"Mpangowo ndiye wandimvetsa chisoni, amayi."

"Usakumvetseni chisoni. Bambo ake a Yasmin anali munthu wabwino, koma zaka makumi atatu usiku wawo anaupereka kunyanja. Ana anakula akuwaona masana okha, ali mtulo. Mwera ukawomba ine sindinkagona. Nditamva Bakali akuti mukwere boti, ndinati ayi, mwana wanga akhale ndi mwamuna wogona pakhomo. Za mainjini sindizidziwa. Chimene ndinali nacho ndi mpango."

Zaka ziwiri Sulemani anakhala akudzifunsa ngati pakhomo pano amamufuna, pamene yankho linali kuseri kwa mpanda wa bango. Anakweza maso pang'onopang'ono. Nkhope imene anaiona inali yaing'ono, yamakwinya, ya munthu wokonda kuseka, ndipo pakati pa mano akutsogolo panali mpata ngati wa Yasmin.

"Sikomo, amayi," anatero.

Abiti Wadi nawo anamuyang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu wogula mbuzi.

"Yasmin amati ndinu wamtali," anatero. "Koma palibe kanthu. Tsopano tandiuzani, kasefa kanu katsopanoko, sikafuna munthu womakatsuka m'mawa?"

"Ayi, amayi. Chonde ayi."

Anaseka onse awiri, mpaka Yasmin, amene nthawi yonseyi anali atamatira khutu kuchitseko, anatuluka n'kukateleka madzi ososolera nkhuku.